Pepala langa lagona miyezi isanu kwa ounika: kumeneko kumachitika zotani?

Funso: Ndine mphunzitsi wa anamwino ndipo ndangomaliza digiri yachiwiri. Kafukufuku wanga anali wa amayi oyembekezera ndi mankhwala oteteza malungo omwe amalandira kusikelo. Ndinatumiza pepala langa ku journal (magazini yosindikiza zofufuza za akatswiri) ina yakunja. Patatha miyezi isanu andiyankha kuti "major revision", ndi ndemanga masamba anayi zochokera kwa anthu awiri osatchulidwa mayina. Wachiwiriyo walemba ngati tinalimbiranapo munda. Pano journal ina yanditumizira imelo kuti ikhoza kusindikiza pepala lomweli m'masiku 10 ndikalipira madola 150. Kodi ounikawa ndi ndani, ntchito yawo amaigwira bwanji, ndipo n'chiyani chingandiletse kupita kwa achanguwa?

Yankho:

Achemwali, kalata mwalandirayo si uthenga wa maliro. Mkonzi akalemba kuti "major revision", kutanthauza kuti likonzedwe kwambiri, ndiye kuti pepala waliwerenga, wafunsa akatswiri awiri, ndipo waona kuti muli kanthu koyenera kukavutikira. Akanapanda kulifuna bwenzi atakubwezerani sabata yoyamba yomweyo ndi timizere titatu taulemu. Ndikulankhula zomwe ndazionera pafupi: anga mapepala abwezedwapo, a anzanga ndaunikapo, ndipo kwa zaka zingapo ndinathandizapo ukonzi pa journal ina yaing'ono ya zaumoyo.

Tsiku lomwe munatumiza pepala kudzera pa pulogalamu ya pa intaneti yolandirira mapepala, monga ScholarOne, Editorial Manager kapena OJS, silinapite kwa katswiri aliyense. Linayamba lafikira kwa munthu wa mu ofesi, yemwe za malungo mwina sazidziwa n'komwe. Iye amaona ngati mawu sanapyole malire, ngati matebulo alipo onse, ngati mwaika nambala ya chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu ofufuzidwa, monga COMREC kapena NHSRC kuno kwathu. Amalilowetsanso mu pulogalamu ngati iThenticate kuti aone ngati simunatape ndime za eni ake. Likadutsa pamenepo limafika kwa mkonzi, ndipo funso lake loyamba ndi losavuta: kodi owerenga athu nkhani imeneyi ikuwakhudza? Mapepala ambirimbiri amathera pomwepa, kukana komwe amakutcha "desk rejection". Journal yotchuka ya zasayansi ya Nature imakana mapepala oposa 90 pa 100 aliwonse, ochuluka mwa iwo asanaonedwe ndi wounika ngakhale mmodzi. Lanu linadutsa chipata chimenechi.

Miyezi isanu ija, musaganize kuti wina anali kuwerenga pepala lanu usana ndi usiku. Yambiri inathera posaka anthu oti aliwerenge. Ounika si antchito a journal. Ndi aphunzitsi a m'mayunivesite, madokotala ndi ofufuza ngati inu nomwe, ndipo pafupifupi onse salandira ngakhale tambala pa ntchitoyi. Mkonzi amawapeza poyang'ana mayina omwe mwatchula kumapeto kwa pepala lanu, posaka pa PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a zaumoyo, omwe alembapo nkhani yofanana, kapena m'kaundula wa journal. Amapewa anthu a pasukulu panu ndi omwe mwalemba nawo limodzi posachedwapa. Ine ndinkati ndikalembera anthu 10, atatu ankayankha kuti atanganidwa, asanu ankangoti zii, awiri n'kuvomera. Mwa awiriwo mmodzi ankasowa ngati mbuzi yodula chingwe, ndiye kuyambiranso. Kuwerenga kwenikweniko ndi ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri, kawirikawiri madzulo munthu atamaliza kuchonga mayeso a ophunzira ake.

Za mayina obisika, ma journal amasiyana. Ambiri a zasayansi amalola wounika kudziwa dzina lanu koma inu osadziwa lake. Ena, makamaka a maphunziro a chikhalidwe cha anthu, amabisa mbali zonse ziwiri. Ena monga BMJ, journal ya zamankhwala ya ku Britain, anasankha kuti wounika azisaina dzina lake poyera. Cholinga chobisa n'choti mphunzitsi wamng'ono athe kutsutsa pulofesa wamkulu osaopa kuti mawa adzakumana naye pa intavyu. Kuipa kwake mwakuona nokha: munthu akabisala m'chigoba pakamwa pamapepuka. Ndinenenso kuti kwathu kuno kubisa dzina la wolemba nthawi zina n'kungodzinamiza. Ofufuza malungo mwa amayi oyembekezera ku Malawi ndi owerengeka, ndipo mukalemba kuti "chipatala china chachikulu cha m'chigawo cha kummwera" aliyense wadziwa kale komwe mukunena.

Tsopano pachimake pa funso lanu. Wounika sabwereza kafukufuku wanu. Sapita kusikelo kukafunsanso amayi aja, ndipo nthawi zambiri mafomu anu kapena manambala osaphika aja sawaona. Amangoona zomwe mwalemba, n'kudzifunsa kuti: njira yomwe munthuyu watsata ingabaledi mawu omwe akunena kumapetoku?

Ine pepala ngati lanu likandipeza, mawu oyamba aja ndimangowadumpha. Ndimathamangira pa njira yofufuzira, pensulo ili kumanja. Amayiwa munawapeza kuti? Tinene kuti munaimirira pakhomo la sikelo Lachiwiri ndi Lachinayi n'kumafunsa otuluka. Ndiye ndimalemba m'mphepete kuti: nanga mayi wa kuseri kwa phiri yemwe sanabwere chifukwa mtsinje unadzadza, wawerengedwa pati? Ngati kumapeto mwalemba kuti amayi ambiri a m'boma lonse amamwa SP, mankhwala oteteza malungo aja, katatu kapena kuposera, pomwe munangolankhula ndi omwe anafika kuchipatala, ndiye kuti mwayeza ndowa ndi chikho. Ndimaonanso ngati munakhulupirira pakamwa pa mayi kapena munatsegula buku lake lakuchipatala. Ndimaona ngati munaganizira masiku omwe mankhwala anatha m'famase, chifukwa mayi sangamwe chomwe kulibe. Ndimaphatikiza manambala a mu tebulo loyamba kuti ndione ngati akufika pa chiwerengero chomwe mwanena pamwamba, ndipo mungadabwe kuti amaphonya kangati. Pomaliza ndimasaka mawu oti "zimachititsa". Kafukufuku wofunsa anthu kamodzi kokha angaonetse kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi, koma sangatsimikize kuti china chikubala chinzake. Amayi ophunzira akhoza kumamwa mankhwala mokwanira osati chifukwa cha sukulu, koma chifukwa ambiri a iwo amakhala kufupi ndi chipatala.

Ndikhulupirira kuti zina mwa zimenezi zili m'masamba anu anayiwo. Wounika amalemba zigawo ziwiri: ndemanga zopita kwa inu, ndi mawu achinsinsi opita kwa mkonzi yekha, momwe amanena ngati pepala lilandiridwe, likonzedwe pang'ono, likonzedwe kwambiri kapena likanidwe. Koma chigamulo si chake. Ounika ndi nduna, mlandu amadula ndi mkonzi. Awiriwo akasemphana kwambiri, mkonzi amaitana wachitatu kapena amaweruza yekha.

Anthu ambiri amaganiza kuti mwambowu ndi wakale ngati sayansi yeniyeniyo. Ayi. Philosophical Transactions ya bungwe la Royal Society ku London inayamba mu 1665, koma mkonzi wake Henry Oldenburg ankasankha yekha zoti asindikize, mwina atafunsako anzake. Malipoti olembedwa a ounika anayamba ku bungwe lomwelo cha m'ma 1830. Pepala lotchuka la Watson ndi Crick la maonekedwe a DNA linatuluka mu Nature mu 1953 osapita kwa ounika akunja, ndipo Nature inadzakhazikitsa lamulo loti pepala lililonse liziunikidwa mu 1973.

Nkhani yomwe ndimakonda kuuza ophunzira anga akabwera atakwiya ndi ya Albert Einstein. Mu 1936, ali ku Princeton, iye ndi Nathan Rosen anatumiza pepala ku journal ya Physical Review lonena kuti mafunde omwe asayansi amati gravitational waves kulibe. Mkonzi John Tate analipereka kwa wounika, ndipo kunabwera ndemanga masamba 10 zosonyeza kuti masamu asokonekera penapake. Einstein anali atazolowera ku Germany komwe akonzi ankangolandira zolemba zake. Anapsa mtima, nalemba kalata yoti sanapereke chilolezo choti pepala lake lionetsedwe kwa akatswiri lisanasindikizidwe, n'kulichotsa. Koma wounika uja, Howard Percy Robertson, ankanena zoona. Anadzapeza njira yofikitsira mfundo yake kwa Einstein kudzera mwa wothandizira wake, ndipo pomwe pepala linkatuluka mu Journal of the Franklin Institute mu 1937 mathero ake anali atasinthiratu. Mafunde aja anadzawapezadi ndi makina a LIGO mu 2015. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atatsina ndi zikhadabo.

Komabe ndisakunamizeni kuti ounika ndi angelo. Ntchito yawo ili ngati kupeta: mankhusu ambiri amauluka, koma timiyala tina timatsala m'lichero n'kukafika mumphika. Akonzi a BMJ anayesapo okha. Anatenga pepala, n'kuikamo dala zolakwika 8, n'kulitumiza kwa ounika mazanamazana. Mwa omwe anayankha, munthu mmodzi ankapeza zolakwika ngati ziwiri zokha. Mu 1982 Douglas Peters ndi Stephen Ceci anachita china choseketsa koma chowawa. Anatenga mapepala 12 a za psychology, maphunziro a maganizo a munthu, olembedwa ndi anthu a m'mayunivesite otchuka a ku America, omwe anali atasindikizidwa kale, n'kusintha mayina a olemba ndi a masukulu kuikapo opeka, n'kuwatumizanso ku ma journal omwewo. Atatu okha ndiwo anazindikirika. Mwa 9 otsalawo, 8 anakanidwa, ambiri ponena kuti njira yofufuzira inali yolakwika. Choncho mukamaganiza kuti keyala ya wolemba imalemera pa sikelo ya ounika ena, simukulota. Ife olemba kuchokera ku Africa timazimva kafungo kake, makamaka pa ndemanga ija yoti tipeze mwini chinenero atikonzere Chingerezi, yomwe imabwera ngakhale kwa munthu woti waphunzitsa m'Chingerezi zaka 20.

Chomwe kuunikaku kumalephera kwambiri ndi kugwira wabodza wochenjera, popeza wounika amayamba ndi chikhulupiriro choti manambala ndi enieni. Pepala la Andrew Wakefield lokhudza ana 12, lomwe linachititsa makolo kuopa katemera wa MMR woteteza ana ku chikuku ndi matenda ena awiri, linatuluka mu journal ya zamankhwala ya The Lancet mu 1998 ndipo linadzachotsedwa mu 2010, katemera atanyozeka kale m'maiko ambiri. Mu May 2020 The Lancet yomweyo inasindikiza pepala la mankhwala a hydroxychloroquine ndi COVID-19, lotsamira pa manambala a kampani ya Surgisphere, omwe ankati ndi a odwala oposa 96,000 m'zipatala 671. WHO inaimitsa kaye mbali ya kafukufuku wake chifukwa cha pepalalo. Omwe anatulukira chinyengo sanali ounika, koma owerenga wamba a ntchitoyi omwe anaona kuti manambala a ku Australia sakugwirizana ndi a boma, ndiponso kuti a ku Africa ndi osalala mokayikitsa. Pasanathe masabata awiri pepala linachotsedwa. Ndiye mawu oti "peer reviewed" musamawamve ngati chidindo cha choonadi. Amangotanthauza kuti anthu awiri kapena atatu odziwa ntchito anayesa kulipeza chifukwa pepalalo, ndipo wolemba anawayankha mokhutiritsa mkonzi.

Nanga a masiku 10 aja? Taganizani zomwe ndafotokozazi, kusaka ounika, kuwerenga, kulemba ndemanga, kukonza, kuwerenganso. Zingatheke bwanji m'masiku 10? Mu 2013 mtolankhani wa zasayansi John Bohannon analemba pepala labodza lonena kuti mankhwala ochokera ku ndere amaletsa kukula kwa maselo a khansa, lodzadza ndi zolakwika zoti wophunzira wa chaka choyamba angazione. Analitumiza ku ma journal 304, ndipo 157 analilandira. Chomwe chimandiwawa pa nkhaniyi n'choti mayina a olemba ndi a masukulu omwe anapeka anali omveka ngati a ku Africa, poganiza kuti palibe angadabwe akalephera kuwapeza pa intaneti. Ma journal a mtundu umenewu amawatcha "predatory", kutanthauza olusa ngati zilombo, ndipo nyama yomwe amasaka ndi munthu ngati inu: wotopa ndi kudikira, wofuna kukwezedwa pantchito, wokhala ndi pepala lokonzeka m'manja. Imelo yawo imayamba ndi kukutamandani ngati mfumu, dzina la journal limaphatikiza zaulimi, zamankhwala ndi zauinjiniya malo amodzi, ndipo keyala yawo mukaifufuza mumapeza kuti ndi kanyumba ka positi.

Kulipiritsa pakokha si umboni wa utambwali. PLOS ONE ndi ma journal a BMC amalipiritsa ndalama zambiri kuposa pamenepo, koma amaunika zenizeni, ndipo ofalitsa ambiri odalirika amachotsera kapena kukhululukiratu mtengo kwa olemba a m'maiko osauka ngati mwapempha potumiza pepala. Choti muchite n'kufufuza dzina la journal m'makaundula odalirika a pa intaneti, monga pa DOAJ, pa Scopus, pa MEDLINE kapena pa African Journals Online, osati kukhulupirira zizindikiro zomwe amata pa tsamba lawo. Palinso tsamba la Think. Check. Submit. lomwe lili ndi mafunso oti mudzifunse. Mukalakwitsa apa, pepala lapita: silingasindikizidwenso kwina, ndipo makomiti okweza anthu m'mayunivesite ambiri masiku ano amaliponya kunja powerenga. Dziwaninso kuti pepala likadali m'manja mwa journal yoyamba, kulitumiza kwina ndi mlandu pa malamulo a ntchitoyi. Mungayenere kulichotsa kaye polemba kalata, ndipo kuchotsa pepala loti lapatsidwa mwayi wokonza kuli ngati kutaya nkhuku yoti yayamba kuikira.

Ndemanga zija zisiyeni masiku atatu osaziyang'ana. Mkwiyo ukaphwa, tsegulani fayilo yatsopano n'kujambula tebulo la mizati itatu: zomwe wounika wanena, yankho lanu, ndi tsamba ndi mzere pomwe mwasintha. Dulani ndemanga zonse m'tizidutswa, chilichonse ndi nambala yake, osadumpha ngakhale chooneka chopusa. Mudzaona kuti masamba anayi aja akusanduka mfundo mwina 25, ndipo zoposa theka ndi zoti mukhoza kumaliza Loweruka limodzi: kutanthauzira mawu, kukonza tebulo, kuwonjezera momwe munawerengera kuchuluka kwa amayi ofunika kufunsidwa. Pepala la mtundu wanu lili ndi mndandanda wake wotchedwa STROBE, wa zinthu 22 zoyenera kupezekamo. Udutseni mzere ndi mzere, chifukwa ounika ambiri ndi womwewo amakhala ataugwira.

Zotsalazo ndiye zolimba. Pomwe wounika wagwira chofooka chenicheni chomwe simungachikonze, monga nkhani ya amayi omwe sanafike kusikelo, musabise ndipo musalimbane naye. Vomerani, chepetsani mawu a kumapeto kuti alingane ndi umboni wanu, ndipo lembani poyera m'gawo la zofooka za kafukufuku. Pomwe walakwitsa, muli ndi ufulu wokana, koma kanani ndi umboni. Ine wounika wina anandifunsapo chifukwa chomwe sitinatumizire ofufuzidwa mafunso pa imelo, pomwe tinkagwira ntchito m'midzi yoti netiweki ya foni umaipezera pachulu. Ndinalemba yankho loyamba lomwe mwamwayi sindinatumize. Lachiwiri linathokoza, n'kufotokoza za deralo m'ziganizo zitatu, n'kuwonjezera ziganizo zomwezo m'pepala. Ndinadzazindikira kuti ngati iye sanamvetse, owerenga a ku Lima kapena ku Hanoi sakanamvetsanso, ndipo vuto linali langa posalongosola.

Wachiwiri wanu wamwanoyo, chotsani mwanowo muone chotsala. Nthawi zambiri wolusa ndi amene wawerenga mosamala, pomwe wokoma mtima uja wangodutsamo. Akakhala kuti wanyoza inu osati ntchito, kapena akukukakamizani kutchula mapepala asanu a munthu mmodzi omwe sakukhudzana ndi nkhani yanu, lemberani mkonzi padera mwaulemu. Akonzi amadziwa khalidwe limeneli, ndipo bungwe la COPE, loona za khalidwe loyenera pa ntchito yosindikiza zofufuza, lomwe linayamba mu 1997, lili ndi malangizo oletsa zimenezi. Awiriwo akakuuzani zotsutsana, wina kuti fupikitsani wina kuti talikitsani, sankhani chimodzi, fotokozani chifukwa, ndipo mkonzi adzaona yekha.

Onetsetsani tsiku lomwe akupatsani kuti mubweze. Ngati silikukwanirani pemphani nthawi yowonjezera lisanakwane, akonzi sakana kawirikawiri. Onse omwe mwalemba nawo, kuphatikizapo omwe anakuyang'anirani pa digiri, aone mayankho musanatumize. Likabwerera, mwachidziwikire lidzapitanso kwa ounika omwewo, ndipo mwina padzakhala ulendo wina wa tizokonza ting'onoting'ono. Likhozanso kukanidwa ngakhale mwakonza, zimachitika. Zikatero mudzakhala ndi pepala labwino kuposa lomwe munatumiza poyamba, ndipo mungalipititse kwina, monga ku Malawi Medical Journal, yomwe imaunika mapepala ake, imapezeka pa PubMed, ndipo imawerengedwa ndi anthu omwe amayendetsa masikelo omwe munafufuzawo.

Imelo ya madola 150 ija musaiyankhe ngakhale kungoti zikomo, chifukwa mukatero adziwa kuti keyala yanu ndi yamoyo ndipo azikulemberani sabata iliyonse, mpaka kukupemphani kuti mukhale mkonzi wa journal yawo ya za migodi.